Kusamala SAN: gwirani mbali imodzi, inayo muisiye

Ngati mwangopatsidwa kumene ntchito yoyang'anira SAN, netiweki yapadera yolumikiza maseva ku bokosi losungira deta, dziwani kuti chilichonse m'menemo anachipanga pawiri dala. Seva ili ndi ma port awiri a HBA (khadi yolumikizira seva ku SAN), ma switch ndi awiri, iliyonse ku mbali yake, mbalizo ndi fabric A ndi fabric B, bokosi la ma disk (array) nalo lili ndi ma controller awiri. Seva imangoona LUN, gawo la malo lomwe array yaipatsa, ngati disk yake yam'mimba pomwe deta ikudutsa pa Fibre Channel kapena iSCSI kuchokera kwina. Ndiye ntchito yanu yaikulu ndi yoti mbali ziwirizo zisagwe tsiku limodzi, ndipo A ndi B musazilumikize olo ndi chingwe chimodzi chokha, chifukwa vuto la uku lidzangowolokera uko.

M'mawa uliwonse yambani ndi njira zochokera ku seva kupita ku LUN. Pa Linux tayipani multipath -ll, muwerenge ngati LUN iliyonse ili ndi njira zonse zomwe munaikonzera, zikhale active ready running. Mukaona failed faulty musati mawa, chifukwa seva ija ikuyendera mwendo umodzi ndipo sidandaula, palibe amene akuimbireni foni. Ine zinandionekerapo zimenezi. Tinakweza firmware pa switch ya fabric B usiku tili ndi mtima m'malo kuti A ikugwira, osadziwa kuti seva ya database inali itataya njira yake ya ku A masabata angapo m'mbuyomo, SFP (kachipangizo kolowetsamo faiba pa port) inafa mwakachetechete, switch itangoyamba kuribuuta database nayo zii. Kuyambira tsiku limenelo sindigwira fabric imodzi ndisanaone ndi maso anga kuti maseva onse ali ndi njira pa inzakeyo, ndikamaliza B ndimadikira tsiku lathunthu kenako ndi pamene ndimakhudza A.

Pa switch ya Brocade, switchshow imakuonetsani amene walowa pa port iliyonse, porterrshow imaonetsa zolakwika. Manambala a crc (deta yofika itawonongeka) akamakwera pa port imodzi nthawi zambiri si array ayi, ndi fumbi pa nsonga ya faiba kapena chingwe chomwe wina anachipinda kwambiri pomanga. Pukutani nsonga ndi chopukutira chake, sinthani chingwe, zikakanika ndiye sinthani SFP. Osasuzumira m'kamwa mwa SFP kuti muone ngati ikuwala, muli laser m'menemo.

Zoning, kusankha kuti port iti iyankhulane ndi iti, ndi pomwe anthu ambiri amadzipwetekera. Port iliyonse ili ndi WWPN, dzina lake lapadera la zilembo ndi manambala 16, ndipo kukopera pamanja n'kufuna mavuto, ipatseni alias yomveka ngati dzina la seva ndi nambala ya port. Zone iliyonse ikhale ndi HBA imodzi basi pamodzi ndi ma port a array, osaunjika maseva khumi mu zone imodzi kuti muchepetse ntchito. Pa Brocade kumbukirani kuti cfgsave imangosunga, yomwe imayatsa ndi cfgenable. Pa Cisco MDS ndi zoneset activate, kenako copy run start, apo ayi magetsi akangothima zina mwa zomwe munapanga zapita. Zoning ikatha pali masking ku array, yonena kuti seva iti ione LUN iti. Maseva awiri omwe sali mu cluster akaona LUN imodzi n'kumalemba onse, filesystem imaphwasuka ndithu.

Nkhani ya malo. Thin provisioning ndi yokoma, mumalonjeza maseva malo ambiri kuposa omwe mulidi nawo, koma pool (malo omwe ma LUN amagawana) ikadzaza ma LUN onse a m'menemo amasiya kulemba nthawi imodzi. Ine ndimaika alamu pa 70%, kuti ndikhale ndi nthawi yopempha ndalama za ma disk, paja kugula sikuchitika tsiku limodzi. Ma snapshot (zithunzi za deta monga inalili pa nthawi inayake) nawo amadya pool yomweyo, fufutani akale. Komanso snapshot si backup, array ikapsa imapsera limodzi.

Pokulitsa, ma disk akuluakulu ikani pa RAID 6 osati RAID 5. RAID 5 imapirira kufa kwa disk imodzi yokha pomwe RAID 6 imapirira awiri, ndipo disk ya ma terabyte ambiri imatenga maola ochuluka kumangidwanso, ina ikafa mkati mwa nthawiyo kwatha. Siyani hot spare, disk yongodikira kulowa m'malo mwa yomwe yafa. Kukulitsa LUN kuli ndi ndondomeko yake: yambani ku array, pangani rescan pa njira zonse za seva, uzani multipath kuti kukula kwasintha, kenako pvresize ndi lvextend ngati muli pa LVM, pomaliza xfs_growfs kapena resize2fs. Onjezerani pang'onopang'ono chifukwa filesystem ya XFS ikakula sibwerera m'mbuyo.

Switch yatsopano musangoibaya mu fabric. Ipatseni kaye domain ID (nambala yoizindikiritsa mu fabric) yomwe palibe ina ikugwiritsa ntchito, chotsani zoning iliyonse yomwe yabwera nayo, apo ayi ISL (chingwe cholumikiza switch ndi switch) ikana n'kulemba segmented, kapena choipa kwambiri ma zone achilendo asakanikirana ndi anu. Ma ISL akhale awiri. Onaninso liwiro, SFP ya 32G imatsika mpaka 8G basi, ndiye ngati muli ndi HBA yakalekale ya 4G silumikizika. Ndipo musanagule chilichonse tsegulani tebulo la opanga array loonetsa kuti firmware iti imagwirizana ndi driver uti, n'lotopetsa kuwerenga koma mukadzaimba foni kwa a support funso lawo loyamba ndi limenelo.

A iSCSI inu, VLAN yake (gawo lake la netiweki) ikhale yapayokha, port ndi 3260, ndipo mukafuna jumbo frames (mapaketi akuluakulu a deta) MTU, malire a kukula kwa paketi, ikhale 9000 paliponse, seva, switch ndi array yomwe. Yesani ndi ping -M do -s 8972 kupita ku array, ikapanda kuyankha ndiye kuti penapake pakati patsala 1500, pasakeni musanaike LUN ya anthu.