Kachipangizo kowerenga madontho a diripi: yambani ndi sikelo ndi madzi a pampopi

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi mainiveta a sola, ndipo kashopu kanga kali ku Chibavi. Za chipatala sindinaphunzire. Chomwe chinandilowetsa m'nkhani imeneyi ndi usiku wina womwe ndinagona pansi m'wodi ya ana, ndikudikirira mwana wa mchemwali wanga amene anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Anamuika diripi. Namwino anali mmodzi, mabedi onse odzaza. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka n'kuona thumba la madzi lafwafwala, magazi ayamba kubwerera m'kachubu. Ndinathamanga kukaitana namwino uja, n'kumupeza ali kalikiliki ndi mwana wina wokomoka. Sindinamuimbe mlandu, ndipo mpaka lero sindimuimba. Maso awiri sangalondere mabotolo a wodi yonse.

Mwanayo anachira. Ine kuyambira pamenepo ndakhala ndikupanga kachipangizo kopanira pa diripi, koti kaziwerenga madontho n'kulira madzi akaima kapena akathamanga mopitirira. Ngati nanunso muli ndi manja aluso ndipo mukufuna kupanga chida chilichonse choyendetsa kapena kuyeza zamadzimadzi, cha m'wodi kapena cha mu labotale, njira yomwe ndadutsamo ndi iyi.

Musanagule waya ndi mmodzi yemwe, khalani pansi ndi munthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Ine ndinapita kwa mlamu wanga, yemwe ndi namwino wa zaka zambiri. Nditamufotokozera, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, musatipangire chinthu chofuna soketi, chifukwa magetsi akazima nacho chazima. Chikhale chopukutika ndi klorini. Ndipo chikamalira pachabe, tsiku lachiwiri mudzachipeza chatsekeredwa m'kabati." Mawu atatu amenewa ndinawalemba patsamba loyamba la kope langa, ndipo ndi amene akhala akundibweza nthawi zonse ndikayamba kusochera.

Zoterezi zinachitikapo m'dziko muno. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anapangidwa ndi a Rice University ya ku Houston mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirirawo anali ndi timapampu ta m'mathanki osungira nsomba zokongoletsa m'nyumba, ndi botolo la madzi: kuya kwa madzi m'botolomo ndi komwe kumasankha mphamvu ya mpweya wopita kwa khanda. Ophunzira a ku Rice komweko anapanganso chotsekera diripi chokhala ndi msampha wa makoswe. Thumba likapepuka kufika pa mlingo womwe namwino wafuna, mkono wa sikelo umapendekeka, msampha n'kufwamphuka n'kupana chubu. Popanda batire, popanda magetsi. Chimene chimandigwira mtima pamenepa n'chakuti anayeza kulemera kwa madzi, osati kuwaonera ndi maso. Nanunso muyambire pomwepo.

Masamu ake ndi ochepa koma muwadziwe ngati dzina lanu. Pa paketi ya giving set iliyonse (seti ya chubu cha diripi ndi kabotolo kake ka madontho) pamalembedwa kuti madontho angati amapanga mililita imodzi. Zambiri za akuluakulu ndi madontho 20, zina za ana zokhala ndi kansonga kowonda ndi madontho 60. Lita imodzi yoti ithe m'maola 8 ndi mamililita 1,000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 480: madontho 42 pa mphindi, dontho limodzi pasanathe sekondi imodzi ndi theka. Koma musapange chida chongodziwa liwiro limeneli. Mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, mmene inavutira ku Nkhata Bay kuno kumpoto. Ndondomeko ya WHO ya mwana woposa chaka chimodzi amene watha madzi kwambiri imati alandire mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse m'mphindi 30 zoyamba, kenako mamililita 70 pa kilogalamu m'maola awiri ndi theka. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti mamililita 300 m'theka la ola, omwe ndi madontho 200 pa mphindi pa seti ya madontho 20. Pa liwiro lotero madontho amatsala pang'ono kulumikizana n'kukhala mkokomo umodzi. Chida chanu chikalephera apa, chalephera panthawi yomwe chikufunika kwambiri.

Tsopano konzani malo oyesera. Gulani giving set yatsopano ndi thumba limodzi la saline (madzi a mchere a diripi) kufamase. Chonde, musatole za m'mabini a chipatala. Zimenezo zakhudza magazi a anthu. Thumbalo likatha muzilidzazanso ndi madzi a pampopi, koma mulilembe ndi maka yofiira kuti ZOYESERA, SI ZA ODWALA. Khomani msomali pakhoma, pafupifupi mita imodzi pamwamba pa tebulo. Ndiye pezani sikelo yaing'ono ya batire, yoonetsa mpaka 0.01 ya galamu, ngati timene ogula miyala ya mtengo wapatali amayenda nato m'thumba. Pa zida zonse zomwe ndinagula, imeneyi ndiyo sindinong'oneza nayo bondo ngakhale pang'ono.

Chinsinsi chake n'chakuti mililita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi galamu imodzi. Choncho sikelo imakhala mboni yanu. Iyeseni kaye yokha: kokani mamililita 10 ndi sirinji, thirani m'kapu, muone ngati ikuonetsa pafupi ndi magalamu 10. Ikatero, tsegulani diripi, muwerenge ndi maso madontho 200 akugwera m'kapu. Pa seti ya madontho 20 muyenera kupeza pafupifupi magalamu 10. Bwerezani kasanu pang'onopang'ono, kasanu mothamanga, n'kulemba zonse. Mudzaona nokha kuti dontho silikhala lofanana nthawi zonse. Kukula kwake kumasinthako ndi liwiro komanso mtundu wa madzi. Nambala ya pa paketi ndi yongoyandikira.

Pano ndi pomwe ndinakhalitsa, masabata angapo ndisanalumikize waya aliyense, ndipo ndikukupemphani kuti musathamange. Ikani diripi pa madontho 42, musaikhudzenso, muziwerenga theka la ola lililonse. Liwiro lidzasintha lokha. Zifukwa zake ndinazipeza zitatu. Choyamba, madzi akamatsika m'thumba mphamvu yowakankha imachepa, monga mmene mpopi wa pa ndowa umafookera ndowa ikamatha. Chachiwiri ndi kagudumu ka pachubu komwe namwino amatsegulira kapena kutsekera madzi. Chubu ndi cha pulasitiki wofewa, ndipo chikapanidwa chimapitiriza kupindika pang'onopang'ono kwa nthawi ndithu, mpata wodutsa madzi n'kumasintha. Mpata umenewu ndi wovuta kwambiri: m'kapayipi kowonda, mukachepetsa m'mimba mwake ndi theka, madzi odutsa amachepa ka 16. N'chifukwa chake kungosuntha kagudumu pang'ono kumasintha madontho kwambiri chonchija.

Chachitatu ndi chathu cha kuno ku Mzuzu. M'mawa wina wa mu July, chifunga chili tolo, ndinapeza diripi ikuyenda mwaulesi kusiyana ndi dzulo lake masana, chonsecho sindinakhudze kanthu. Ndinaganiza kuti chubu chatsekeka. Ayi ndithu, kunali kuzizira. Madzi ozizira amanandako pang'ono, ngati mafuta ophikira m'nyengo yachisanu, kungoti ndi maso simungaone. Pa madigiri 10 amadutsa m'kampata kowonda mochedwerapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi pa madigiri 20. Chida choyesedwa ku Karonga masana okhaokha chikhoza kudabwa chikafika kuno usiku. Muzilemba kutentha kwa m'chipinda pambali pa nambala iliyonse.

Kapangidwe kenikeni n'kosavuta kwa munthu wozolowera kuwotcherera mawaya. Lamulo lalikulu ndi limodzi: chida chanu chisakhudze madzi opita m'thupi. Chizikhala kunja kwa kabotolo koonekera komwe madontho amagweramo. Mbali imodzi ikani LED ya infrared, yonga ya kumutu kwa rimoti ya TV, mbali inayo photodiode, kachida kozindikira kuwala, yoyang'anizana nayo. Dontho likadutsa pakati limapatutsa kuwala, photodiode n'kuona kusinthako. Arduino Nano, kakompyuta kakang'ono kolembedwamo pulogalamu, imawerenga, kasikirini kakang'ono kamaonetsa madontho pa mphindi, kabaza (kabelu ka magetsi) n'kumalira. Mphamvu ndimatenga ku batire la 18650 la m'batire ya laputopu yakufa, lomwe limatchajika ndi sola. Koyamba ndinamangirira zonsezi pa pegi yoyanikira zovala. Poyesera imakwanira, koma ya mtengo imamwa madzi ndipo singapukutike bwino ndi klorini, ndiye pambuyo pake ndinadula kapayipi ka PVC n'kupanga chopanira.

Malo oika sensa asankheni mosamala: m'munsi pang'ono mwa kansonga komwe dontho limapangika, koma pamwamba ndithu pa madzi odikha a m'kabotolo. Mukakweza kwambiri imaona dontho likadali lendelende n'kuliwerenga kawiri. Mukatsitsa, timadzi tothovoka timaisokoneza. Mu pulogalamu muuze Arduino kuti ikawerenga dontho itseke maso kwa mamilisekondi pafupifupi 80, kenako iyambirenso kuyang'ana. Nthawi imeneyi musaitalikitse, chifukwa pa madontho 200 pa mphindi mpata wa pakati pa madontho ndi mamilisekondi 300 okha.

Mdani wanga wamkulu anali dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared yambiri, moti nditasendeza tebulo pafupi ndi zenera kachipangizo kanachita khungu, osaona dontho ndi limodzi lomwe. Ndinabisa LED ndi photodiode m'timachubu takuda, kenako ndinasintha pulogalamu kuti isamayang'ane kuchuluka kwa kuwala koma kusintha kwadzidzidzi. Mawodi athu ali ndi mazenera aakulu, ndipo bedi la pazenera nalo limagonekedwa wodwala.

Kakayamba kuwerenga bwino, ntchito yanu tsopano ndi kukasautsa dala. Pendeketsani kabotolo monga zimachitikira gadiyani akagunda choimikira diripi. Pindani chubu, ngati mmene mwana amapindira mkono, muone ngati kalira. Lolani thumba lithe. Zimitsani nyale, yatsani tochi ya foni pafupi. Kasiyeni usiku wonse kuti mudziwe batire limatha maola angati, ndipo muonetsetse kuti batire likamafooka kazichenjeza, osangofa mwakachetechete, chifukwa namwino wokhulupirira chida chakufa ali pangozi yoposa amene alibe chida. Nthawi zonse yerekezani zomwe kawerenga ndi zomwe sikelo yanena. Zikasemphana, sikelo ndiyo yolondola. Za kulira, ine ndinasankha kuti kadikire masekondi angapo kasanalire, kuti wodwala akangotembenuka pabedi kasadzutse wodi yonse.

Malire ake ndi awa, ndipo pano sindinyengerera. Musakaike chida chanu pa diripi ya wodwala, ngakhale ali m'bale wanu, ngakhale namwino ali mnzanu. Kuyesa pa anthu kumafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku Mzuni ku Luwinga, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ndi PMRA. Njira yabwino ndi kupita ndi kope lanu la manambala kwa amisiri okonza zipangizo a m'chipatala, a PAM, komanso kwa aphunzitsi a biomedical engineering a ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo. Iwo adzaona zomwe inu simunaone. Kopelo muzilemba deti patsamba lililonse. Ngati muli ndi maganizo odzalembetsa patent, chikalata choteteza umwini wa chinthu chatsopano, kaya m'dziko muno kaya kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za ma patent ku Harare, funsani kaye musanaike zithunzi za m'kati mwake pa Facebook, pakuti chinthu chikaululika pagulu chisanalembetsedwe sichiwerengedwanso ngati chatsopano.

Kachipangizo kanga kakadali pa tebulo ku Chibavi. Vuto lomwe ndikulimbana nalo sabata ino ndi nthunzi: usiku wozizira khoma la kabotolo limachita mame m'kati, kuwala n'kufooka, ndipo cha m'bandakucha kamaphonya madontho ena. Ndagula LED yachiwiri yoti ndiike pambali pa yoyambayo, kuti imodzi ikatchingidwa inzake izionabe. Mlamu wanga wati adzadutsa Loweruka akaweruka, ayese kukapanira ndi dzanja limodzi atavala magolovesi.