Mphini ndi timitengo sizichiritsa zala za lupus

Mwera utangoyamba kuno ku Nkhotakota, ndayambanso kuona zomwe ndinkaganiza kuti tinazisiya. Amayi omwe kuchipatala anawapeza ndi lupus akutemera mphini pamfundo za zala zotupa, n'kumangirira timitengo ndi sanza kuti ziwongoke. Ati ndi nyamakazi yobwera ndi chisanu, magazi oipa atuluke.

Magazi oipa ake ati? Lupus ndi chitetezo cha m'thupi chomwe chatembenukira mwini wake, ndipo mwa odwala 10, pafupifupi 9 amakhala amayi. M'manja, kawirikawiri sidya fupa. Imatupitsa mfundo n'kulefula minyewa yogwira zala, ndiye kwa ena zala zimapendekera kuchala chaching'ono. Mukazikoka ndi dzanja linalo zimawongoka, mukazisiya zimabwereranso. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika, amati tikamanga mwezi wathunthu zikhazikika. Chala chomangidwa osapindidwa chimauma, mphamvu yofumbata imatha.

Mphini ndiye zoopsa kwambiri. Munthu amene akumwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa omwe odwala lupus amapatsidwa, bala lake limachedwa kupola, tizilombo timalowa mosavuta. Mayi wina wolima mpunga anandionetsa dzanja lake lamanja, mphini zitachita mafinya. Anati, "A dokotala, poyamba ndinkamva kuwawa koma chikwakwa ndimagwira. Pano ngakhale mthiko wa kondowole ukundikana." Mpunga wake anadula ndi aganyu, malipiro ake n'kuchoka pa mpunga womwewo. Mapiritsi ake a lupus, a hydroxychloroquine, anali atasiya, poti apongozi anati osaphatikiza ndi achikuda. Pamwamba pake ankamwa tsiku ndi tsiku Brufen wa pagolosale, amene amatha kuwononga impso, chonsecho lupus payokha imavutitsa kale impso.

Nanga kukavuula chinangwa m'madzi ozizira m'bandakucha, zala n'kuyera mbuu kenako n'kuda? Magazi amakhala akulephera kufika kunsonga. Tumani wina, kapena dikirani kuti kunja kufunde.

Masulani timitengoto. M'mawa viikani manja m'madzi ofunda, fumbatani ndi kutambasula pang'onopang'ono. Kulungani mphira pampini wa khasu ndi pamthiko kuti zikule pogwira, poto munyamule ndi manja awiri. Mankhwala osasiya pa inu nokha. Zala zikayamba kupendeka, pitani kuchipatala chachikulu pa boma mukafunse a fiziyo, omwe amathandiza odwala ndi mafizo a mfundo ndi minyewa, iwo ndi amene amadziwa chomangira choyenera ndi nthawi yochivula.