Musanagule dera logawa maphukusi a FedEx ku America

Magalimoto ambiri oyera olembedwa FedEx amene amasiya maphukusi pamakomo ku America si a kampani yotumiza maphukusi ya FedEx ayi. Eni ake ndi makampani ang'onoang'ono amene anasaina kontrakiti yotumikira dera lina lake, ndipo mwini akatopa amatha kugulitsa bizinesiyo. Wogula amalandira kontrakitiyo, magalimoto ndi madalaivala. Dera lenilenilo silikhala lanu mpaka kalekale. Kontrakiti ikatha mumakambirananso, ndipo FedEx ikhoza kusintha mitengo kapena malire, makamaka masiku ano pamene ikuphatikiza ntchito za nthambi zake za Express (ya maphukusi achangu) ndi Ground (ya maphukusi oyenda pamsewu), zomwe zinakhala kampani imodzi mu 2024.

Yambani ndi mapepala. Muyenera kulembetsa kampani yeniyeni, chifukwa FedEx sisaina ndi munthu payekha, ndipo madalaivala amakhala antchito anu olembedwa, odulidwa msonkho pamalipiro awo. Ngakhale mutagwirizana mtengo ndi wogulitsa, FedEx ikakukanani malonda athera pomwepo. Choncho ndalama yachikole isungidwe ndi loya kapena kampani yosunga ndalama za malonda, pangano likunena kuti mukakanidwa ibwerera kwa inu.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa mabuku a ndalama. FedEx imalipira sabata iliyonse, powerengera makomo amene mwaimapo, maphukusi amene mwasiya, ndalama yokhazikika ya sabata ndi yowonjezera ya mafuta. Itanitsani mapepala a malipiro amenewa a chaka chathunthu kapena ziwiri, muwafananize ndi a kubanki komanso a msonkho. Musalole kuonetsedwa a Novembala ndi Disembala okha. Kuchokera pa Thanksgiving, tchuthi cha kumapeto kwa Novembala, mpaka Khirisimasi katundu amasefukira, ndiye dera lililonse limaoneka lonona. Onaninso a Febuluwale. Kenako funsani kuti mwini amagwira ntchito yanji. Ngati amayendetsa yekha galimoto imodzi, usiku n'kumasintha mabuleki pakhomo pake osadzilipira, phindu limene akukuonetsani ndi lokokomeza. Chotsanipo malipiro a dalaivala mmodzi ndi a makaniko, muone chotsala. Mtengo wogulira muuwerengere pa chotsalacho.

Magalimoto apite kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ambiri ndi aja a bokosi otchedwa P700 kapena P1000, ndipo poti amaima kambirimbiri pa tsiku, zoyamba kutha ndi mabuleki, sitata, giyabokosi ndi chitseko chokweza cha kumbuyo. Makilomita a pa dashibodi amanamiza pa ntchito yotere, chifukwa injini imalira maola ambiri galimoto itaima. Fufuzaninso ngati pali ngongole pa galimoto iliyonse. Pamagalimoto asanu kapena asanu ndi imodzi pakhale ina yapadera. Popanda imeneyo, imodzi ikafa m'mawa mubwereka yodula, kapena maphukusi agona m'depoti ndipo mbiri yanu kwa FedEx ida.

Ndalama zambiri zimapita kwa madalaivala, ndipo mutu umapwetekanso pomwepo. Woyendetsa galimoto yololedwa kulemera mapaundi 10,001 kapena kuposa, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,500, amafunika chiphaso cha dokotala cha DOT, unduna wa zamtengatenga wa ku America, ndipo watsopano aliyense amafufuzidwa mbiri ndi kuyezedwa mankhwala ozunguza bongo asanagwire chiwongolero. Zimenezi sizitheka tsiku limodzi, choncho muzikhala ndi munthu wovomerezeka kale amene akudikira. Bizinesi ikasintha manja madalaivala ena amachoka, ndipo amapita nazo zimene sizili pa mapu: geti lotsekedwa masana, galu wolusa wa pa nyumba ija, sitolo imene imalandirira katundu kuseri. Kambiranani ndi wogulitsa kuti mukumane nawo malonda asanathe, muwauze kuti malipiro sasintha, ndipo amene amawayang'anira m'depoti m'mawa mumugwire ndi manja awiri.

Musathere ndalama zonse pogula. Siyani yokwanira malipiro, mafuta ndi inshuwalansi ya masabata angapo, kuphatikizapo mtengo wa injini imodzi.