Momwe mungapangire saladi ya masamba ndi chiponde potengera kaphikidwe ka ku Thailand

Ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, kuli saladi yotchuka yotchedwa som tam. Amapala papaya wosapsa, n'kumutibula pang'ono mu kamtondo pamodzi ndi adyo, tsabola, mandimu, shuga, msuzi wa nsomba wotchedwa nam pla ndi mtedza wokazinga. Ophika a kumeneko amafuna kuti kuwawasa, mchere, kutsekemera ndi kuwawa kwa tsabola zimveke zonse pa lilime, popanda china chopondereza chinzake. Saladi yathuyi yatengera nzeru imeneyo, koma tigwiritsa ntchito kabichi ndi msuzi wa chiponde. Ikwanira anthu 4.

Pezani theka la kabichi wamng'ono, makaroti 2, nkhaka imodzi, giripepa mmodzi ndi anyezi wamasamba. Ngati pakhomo pali papaya wamuwisi, thyolani, musende, muchotse njere, mupale pang'ono n'kuphatikiza.

Yambani ndi mtedza. Tengani kapu imodzi, musankhe bwinobwino. Wonyala, wakuda kapena wachuku tayani, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Kazingani pa moto wochepa mukutakasa mpaka ufiirire ndi kununkhira. Ukazizira fikisani m'manja, mupete makoko achoke. Patulani wodzaza dzanja limodzi, muuphwanye pang'ono chabe, wowaza pamwamba. Wotsalawo sinjani mpaka utuluke mafuta, chikhale chiponde. Chogula m'botolo chimachitanso, koma chosinja nokha fungo lake n'lina.

Masambawa adyedwa osaphika, ndiye atsukeni ndi madzi owiritsa ozizira kapena othira klorini. Mukatero aumitseni. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: masamba onyowa amasungunula msuzi, saladi n'kusanduka madzi okhaokha. Ayanikeni pa lichero kapena muwapukute ndi kansalu koyera. Kabichi muduleni mopyapyala kuposa wa ndiwo. Karoti, nkhaka ndi giripepa zikhale tizidutswa titalititali ngati timitengo ta machesi. Pakati pa nkhaka pali njere ndi madzi ambiri, choncho palani ndi supuni muchotse. Mchere musathire pamasambawa, umawafotetsa, pomwe ife tikufuna kuti azilira m'kamwa potafuna.

Tsopano msuzi. Sinjani kadyo kamodzi, kachidutswa ka jinja ndi tsabola wa kambuzi mmodzi. Kambuzi ndi waukali, ngati ana adya nawo ikani theka kapena mumusiye. Mu kambale ikani masupuni aakulu 3 a chiponde, 2 a madzi a mandimu, imodzi ya soya sosi ndi imodzi ya uchi kapena shuga, kenaka zosinja zija. Soya sosi akasowa, mchere pang'ono ulowa m'malo. Mukayamba kutakasa muona chipondecho chikulimba ngati chikukana. Musataye mtima. Thirani madzi ofunda, supuni imodzi imodzi, mpaka msuziwo uziyenderera pa supuni ngati phala la mwana. Kawirikawiri masupuni 3 kapena 4 amakwana.

Lawani, ndipo musadumphe pamenepa. Mandimu amasiyana ukali, uchi nawo umasiyana. Ngati wawawasa kwambiri onjezani uchi. Ngati ukumveka wolemera, wa mafuta okhaokha, finyirani ndimu wina. Ine ndimakonda kuti ndimu amveke patsogolo, popeza kabichi amachepetsa mphamvu ya msuzi mukasakaniza.

Msuzi muthire anthu atakhala kale patebulo. Mukathira msanga, pakangotha ola limodzi masamba amakhala atafota. Sakanizani m'beseni lalikulu kuti tsamba lililonse lipakike, muwaze anyezi wamasamba ndi mtedza wophwanya uja pamwamba. Ku Isan som tam amadyera mpunga womata ndi nkhuku yootcha, ndipo saladi iyinso imayenda bwino ndi nkhuku kapena chambo chootcha. Musanagawe, funsani ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, chifukwa kwa ena ngakhale kochepa kamawatupitsa kukhosi mpaka kubanika.