Mukadya mopyola muyezo pa Chuseok, musadzilange ndi njala

Ndinatha miyezi inayi ndikudya mosamala kuti ndichepetse thupi, kenaka inafika Chuseok, chikondwerero cha zokolola cha ku Korea. Kwa mnzanga mumzinda wa Daegu anandiikira jeon (zokazinga zoviika mu ufa) wonona mafuta, nthiti za ng'ombe za galbijjim ndi songpyeon (timakeke ta ufa wa mpunga), ndipo amayi ake sankalola mbale yanga kuuma. Tchuthi cha masiku atatu chitatha mimba inali itauma gwa, ndikungogeya.

Ndinkafuna kugona ndi njala masiku awiri. Adokotala a ku hanuiwon, chipatala cha mankhwala a makolo a ku Korea, atandigwira pamkono kumva kugunda kwa mtsempha n'kundiona lilime, anakana. Vutoli amalitcha sikjeok, chakudya chongokhala m'mimba osagayika, ndipo amati mimba yotopa imafuna zofunda ndi zofewa. Zimene anandilangiza ndimazitsatirabe.

Tsiku loyamba idyani juk, phala la mpunga lamadzimadzi, mbale yaing'ono katatu. Musadumphe cham'mawa, chifukwa njala ya madzulo ndi imene imakubwezerani ku zokazinga. Madzi a m'firiji ndi khofi wa ayezi zisiyeni kaye, muzimwa boricha, tiyi wa balere wokazinga, ali wofunda. Mukatha kudya sungunulani supuni imodzi ya manyuchi a zipatso za maesil (mtundu wa plum) m'kapu ya madzi otentha. Imodzi yokha basi, pakuti zipatsozi amaziviika mu shuga wochuluka pafupifupi ngati zipatso zomwezo.

Mimba ikamalemerabe, finyani Hapgok, pamnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mphindi ziwiri dzanja lililonse. Pamamveka kupweteka kozama, ndipo ine ndimageya n'kupepukidwa. Amayi oyembekezera asafinyepo. Mukatero yendani pang'onopang'ono mphindi 20, osathamangira kugona.

Tsiku lachiwiri onjezani mpunga pang'ono, ndiwo zamasamba zowiritsa ndi tofu (wopangidwa kuchokera ku soya) kapena nsomba. Lachitatu bwererani ku kadyedwe kanu ka kale. Sikelo musaikwere msanga, zambiri zimene zawonjezekazo ndi madzi amene mchere wagwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala azitsamba ochepetsa thupi a ku hanuiwon. Ambiri amakhala ndi mahwang, chomera chimene chimathamangitsa mtima ndi kukweza BP. Musalandire mapaketi otsala kwa mnzanu. Adokotala akupimeni kaye, muwauze mankhwala onse amene mukumwa. Mimba ikapweteka kwambiri kapena mukamasanza osaleka, pitani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.