Ufa wobiriwira pa kachiboliboli kanga ka mkuwa

Ndili ndi kachiboliboli ka mkuwa ka m'zaka za m'ma 1800, kotengera chiboliboli chakale chotchedwa Spinario cha kumalo osungirako zinthu zakale a Capitoline ku Rome, mnyamata uja wakhala pansi akuzula minga kuphazi. Kuphazi komweko kunayamba kutuluka ufa wobiriwira. Ndikapukuta, pakatha sabata wabweranso. Mtima unandiwawa.

Chimachititsa ndi mchere wa kloraidi wobisala m'chitsulomo ukakumana ndi chinyontho. Umadya mkuwa n'kusiya timaenje. Polishi sindinayerekeze n'komwe, akanasupula khungu lakuda lakale la pamwamba pa mkuwawo, lomwe ndiye ulemerero wake.

Ndinakokola ufawo pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kupukutapo ndi thonje loviika mu ethanol. Kenako ndinakatsekera m'bokosi losalowa mpweya pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyontho. Patha miyezi itatu, ufa sunaonekenso. Pashelefu ya pafupi ndi bafa paja sikadzabwereranso.