Momwe mungasamutsire kompyuta ya patebulo pa galimoto osaiwononga

Tsiku limene ndinkasamuka nyumba, kompyuta yanga ndinaikulunga m'mabulangeti awiri n'kuiimika m'buti pakati pa masutikesi, mtima uli m'malo kuti ndaisamala. Titafika, kunja kwake kunalibe pokalika ngakhale pamodzi. Ndinalumikiza mawaya n'kudina batani. Mafani anayamba kuzungulira, timagetsi tonse tinayaka, koma sikirini ili bii. Nditatsegula chivundikiro cha m'mbali ndinapeza graphics card, khadi imene imatumiza zithunzi ku sikirini, itazuka mbali imodzi, kapulasitiki kamene kamaigwira kumapeto kwa slot, kangalande kamene khadiyo imalowamo, katathyoka n'kugwera pansi. Mabulangeti aja anateteza chitsulo chakunja, chikhalirecho vuto linali m'kati.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, yang'anani mmene kompyuta yoimirira inapangidwira. Motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, imaima ngati khoma, ndipo zida zolemera zimamangiriridwa pakhomalo n'kumalendewera cham'mbali, ngati shelefu yokhomedwa mbali imodzi yokha. Zida zake makamaka ndi ziwiri: graphics card ndi chozizitsira CPU (CPU ndiye ubongo wa kompyuta). Graphics card ya mtundu wa RTX 4090 imapitirira makilogalamu 2, ndipo chozizitsira chachikulu ngati Noctua NH-D15 chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. Kompyuta ikangokhala patebulo, kulemera kumeneko sikuvuta. Koma galimoto ikagunda bampu, chitsulo chonsecho chimakankhikira m'mwamba kenako n'kukokera pansi mwamphamvu, ndipo amene amamva ululu wake ndi slot ya pulasitiki komanso motherboard yopyapyala ija. Zonse zimene ndikufotokozereni pansipa cholinga chake n'choti zida zimenezi zisalendewere pa ulendo.

Musanagwire waya uliwonse

Yambani ndi kukopera zinthu zanu. Chida chikasweka mutha kugula china, koma zithunzi, makalata ndi ntchito ya zaka zambiri simungazigule kwina kulikonse. Zikopereni pa hard drive yapadera, pa fulashi kapena pa intaneti, ndipo chokoperacho chiyende m'chikwama chanu, osati m'katoni imodzi ndi kompyuta. Ngati Windows yanu inakhomedwa ndi BitLocker, loko amene amateteza mafayilo anu, lembani penapake kiyi yake ya manambala 48, imene nthawi zambiri imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft. Nthawi zina kompyuta ikaona kuti m'kati mwasintha imaifunsa kiyi imeneyi, ndipo popanda iyo simulowa.

Kenako tulutsani CD kapena DVD ngati muli, n'kuthimitsa kompyuta kwenikweni, osati kungoigoneka pa Sleep. Ikazima, zimitsani switchi ya kumbuyo pa power supply (chida chimene chimagawa magetsi m'kompyuta), ija yolembedwa I ndi O, zulani waya wa magetsi, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira m'kati athe.

Musanazule mawaya enawo, jambulani kumbuyo kwa kompyuta ndi foni. Zimaoneka ngati zachibwana, koma mukafika mutatopa, mawaya khumi ali mbwee pansi, chithunzicho mudzachithokoza. Zulani zonse, ngakhale tating'onoting'ono: kachipangizo ka mausi ndi kiyibodi zopanda waya, tinyanga ta Wi-Fi, fulashi yoiwalika kutsogolo. Chilichonse chotulukira kunja chikagundidwa chimathyokera m'kati n'kuwonongeratu polowera pake. Mawaya akulungeni paokhapaokha n'kuwaika m'thumba limodzi.

Tsegulani muone chimene chikulendewera

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye musathamange. Gonekani kompyuta patebulo kapena pabedi, masulani chivundikiro, ndipo musanakhudze chida chilichonse gwirani kaye chitsulo cha bokosi la kompyutayo. Thupi la munthu limasunga timagetsi tija timakuthethetsani mukavula juzi usiku, ndipo timeneto n'tokwana kupha chida osaona ngakhale utsi.

Ngati chivundikirocho n'chagalasi, samalani pochiika. Galasi limeneli n'lolimba pakati koma losalimba m'mphepete, ndipo mdani wake wamkulu ndi matailosi. Kungokhudzitsa ngodya yake pa tailosi, limatha kuphulika lonse n'kusanduka timiyala tambirimbiri. Liikeni pa tawulo kapena pabedi.

Graphics card ichotseni. Ena amati ngati ulendo ndi waufupi palibe chifukwa, koma ineyo ndinaphunzira nditalira kale, ndipo ntchito yake sipitirira mphindi zisanu. Zulani mawaya a magetsi amene alowa m'khadimo, masulani masikuluwu amene aigwira kumbuyo kwa bokosi, kenako dinani kapulasitiki ka kumapeto kwa slot. Kapulasitiki kameneka kamabisala pansi pa khadi ndipo anthu ambiri amakaiwala. Khadi ikamakana kutuluka, musalimbane nayo, ndiye kuti kadakagwira. Kakamasuka, kokani khadi molunjika osaipotokola. Iikeni m'thumba lake lotuwa lonyezimira limene inabweramo, chifukwa linapangidwa kuti liziteteza ku timagetsi tija. Ngati munalitaya, ikulungeni m'pepala loyera kapena muiike m'katoni yaing'ono, kenako zofewa zibwere kunja kwake. Pulasitiki wa timatuza ta mpweya uja asakhudze chida mwachindunji. Khadi yaing'ono yopepuka, ya fani imodzi, mutha kuisiya malinga ngati sikuluwu yake ili yothina.

Pa chozizitsira CPU pafunika kuganiza kaye. Kachozizitsira kakang'ono kamene kamabwera ndi CPU kasiyeni. Cha madzi chomatiratu kufakitale, chimene amachitcha AIO, chisiyeninso, chifukwa mbali yake yolemera inamangidwa ku bokosi osati pa motherboard. Koma ngati mapaipi a madzi munalumikiza nokha, madziwo akhuthuleni musananyamuke. Chovuta ndi chachitsulo chachikulu chija chooneka ngati nsanja. Maganizo anga ndi akuti ngati mugoneka kompyuta ndipo msewu ndi wabwino, chisiyeni, mungoona kuti sichikugwedera. Kuchichotsa nako kuli ndi ngozi zake, ndipo pobwezeretsa mudzafunika kupukuta thermal paste (phala lopakidwa pakati pa CPU ndi chozizitsira) yakale n'kupaka yatsopano. Ngati ulendo ndi wautali ndipo msewu ndi wa zigwembe, chichotseni.

Amene muli ndi CPU ya AMD ya pa soketi ya AM4, mvetserani apa. CPU imeneyi ili ndi timapini kunsi kwake, ndipo paste ikauma imamata ngati guluu. Mukakoka chozizitsira mwamphamvu chimatuluka pamodzi ndi CPU, timapini tina n'kupindika. Chichotseni kompyuta itangozima kumene, paste idakali yofunda, ndipo muchipotoze pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka chilekane ndi CPU, ndiyeno muchinyamule.

Hard drive ya mtundu wakale, imene imasunga mafayilo m'kompyutamo, ili ndi mbale m'kati zimene zimazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Ikazima, kamkonoko kamakakhala pamalo pake potetezeka, choncho imapirira kugwedezeka kwa galimoto, koma siipirira kugwa kapena kumenyeka. Ngati inamangidwa ndi masikuluwu, itha kukhala momwemo. Ngati ili pa kathireyi kongolowetsa kamene kamagwedera, itulutseni iyende nanu m'chikwama. SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, ilibe chozungulira chilichonse, ndiye isiyeni. RAM, timabolodi tatitali toima pafupi ndi CPU, nayonso isiyeni, mungoidina pang'ono kuona kuti yakhala bwino.

M'kati mwa bokosi musaponyemo nsanza, masiponji kapena tizidutswa ta kaylite poganiza kuti mukutchinjiriza zida. Zimapanga timagetsi tija, zina zimanyenyeka n'kulowa m'mafani. Tsekani chivundikiro n'kumanga masikuluwu onse. Masikuluwu otsala aikeni m'kathumba n'kukamata ndi tepi kunja kwa bokosi.

Poika m'galimoto

Ngati munasunga katoni imene bokosi linabweramo pamodzi ndi zotchinjiriza zake, gwiritsani ntchito imeneyo. Ngati mulibe, bulangeti lochindikala likwana. Chachikulu si chokulungira koma kagonekedwe. Igonekeni cham'mbali, motherboard ikhale pansi ngati thireyi, zida zonse zikhale pamwamba pake. Pa makompyuta ambiri izi zikutanthauza kuti mbali ya galasi, kapena mbali imene mumatsegula, iyang'ane kumwamba. Mukatero kulemera kwa chozizitsira kumatsikira pa motherboard molunjika m'malo moikoka cham'mbali. Mukalakwitsa n'kuigoneka mbali inayo, zida zonse zimalendewera chadodolido, zomwe n'zoipa kuposa kuiimika. Ikakulungidwa simungaonenso mbali, ndiye matani tepi pamwamba ngati chizindikiro.

Malo abwino ndi mpando wakumbuyo, chifukwa siponji ya mpando imameza kugwedezeka kwina. Mipando yambiri imapendekera kumbuyo, choncho pindani tawulo muike pansi kuti kompyuta igone mofanana. Kenako imangeni lamba, monga mungamangire munthu. Lamba ameneyu akuteteza kompyuta komanso inuyo, pakuti bokosi lachitsulo la makilogalamu 10 kapena 15 likauluka pa mabuleki adzidzidzi limaima pokhapokha litagunda chinachake.

Ngati pampando pali anthu, mutha kuiimika pansi kumbuyo kwa mpando wakutsogolo, n'kubweza mpandowo mpaka uipanikize pang'ono, pilo ali pakati. Njira imeneyi ndi yabwino pokhapokha ngati zolemera zija mwachotsa. Buti ikhale njira yomaliza. Pansi pake m'pouma, ndipo katundu amaseserekamo pa kona iliyonse. Mukakakamizika, yalani zofewa pansi n'kuitsekereza mbali zonse ndi zikwama za zovala kuti isasunthe. Pamwamba pake pasakhale kanthu, makamaka ngati pali galasi.

Sikirini ndi yosalimba kuposa kompyuta yeniyeniyo. Ichotseni pa mwendo wake ngati zimatheka, phimbani nkhope yake ndi nsalu yofewa, ikani katoni yophwatalala pamwamba pa nsaluyo, ndipo iyende choimirira, nkhope itayang'ana kotsamira mpando. Lamba asadutse pa galasi penipeni popanda chotchinga, chifukwa kudinikiza pamalo amodzi ndi kumene kumasiya banga lakuda losachoka. Sikirini yokhota musaigoneke chafufumimba, imathyoka pakati. UPS, chida chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, ili ndi batire lolemera kwambiri, ndiye iyende pansi payokha, kutali ndi sikirini. Pulinta ya inki isapendekeke.

Pamsewu palibe zambiri zonena: chepetsani liwiro pa mabampu ndi m'makona, ndipo siyani mpata wokwanira ndi galimoto ya kutsogolo kuti musamaponde mabuleki modzidzimutsa. Mukaima panjira, musaisiye nthawi yaitali m'galimoto yotseka padzuwa. M'kati mumatha kutentha kupitirira madigiri 60, komanso sikirini yoonekera pawindo imaitana akuba.

Mukafika

Mtima umafuna kuyatsa nthawi yomweyo kuti muone ngati yapulumuka. Dikirani kaye. Ngati yachoka pozizira kwambiri n'kulowa m'chipinda chofunda, zitsulo zake zimachita thukuta ngati botolo lotuluka m'firiji, ndipo chinyezi chimenecho chikakumana ndi magetsi chimawotcha zida. Ipatseni maola awiri kapena atatu.

Ikakhazikika, ipendekeni pang'ono uku mukumvetsera. Mukamva kanthu kakugubuduka m'kati, kafufuzeni mpaka mukapeze, chifukwa sikuluwu imodzi yogona pa motherboard itha kupsereza zonse. Tsegulani, bwezerani zimene munachotsa, dinani graphics card mpaka kapulasitiki kaja kalire kuti thi, mangani masikuluwu ake, lowetsani mawaya ake a magetsi mpaka kumapeto. Dinaninso RAM ndi waya wamkulu wa mapini 24 wopita pa motherboard. Pa ma power supply akale pamakhala kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Onetsetsani kuti sikanasunthe ponyamula, chifukwa kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza ku magetsi a 230, power supply imapsa pomwepo.

Tsopano tsegulani chithunzi chija pafoni n'kubwezera mawaya, waya wa magetsi ukhale womaliza. Ikakana kuyaka, musathamangire kunena kuti yafa. Onani kaye switchi ya kumbuyo ija, pakuti munaizimitsa ndinu nomwe. Ngati mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, yang'anani kumene mwalowetsa waya wa HDMI kapena DisplayPort. Kompyuta yokhala ndi graphics card imakhala ndi malo awiri olowetsera wayayu, ena pa motherboard chakumtunda, ena pa khadi chakumunsi, ndipo oyenera ndi a pa khadiwo. Zikapanda kutheka, zimitsani, zulani magetsi, chotsani RAM yonse n'kubwezera imodzi yokha, muyesenso. Ikayaka, isiyeni igwire ntchito kwa theka la ola chivundikiro chili chotsegula, muone ngati fani ya pa CPU ikuzungulira, ndipo mutchere khutu ku hard drive. Ikamalira kuti ke-ke-ke mobwerezabwereza, koperani msanga chilichonse chatsopano chimene chilipo, ndipo chokopera chija cha m'chikwama musachifufute.